M'nyumba mwa Ba Sikola Munalibe Wodwala

Ba Sikolasitika Mbewe tawaika m'manda sabata yathayi, ndipo ansembe amene anazungulira guwa pa Misa ya maliro awo anali asanu. Ndinachita kuwawerenga. Kuno ku Kabwata munthu wamba akamwalira timathokoza tikapeza wansembe mmodzi wosafulumira, koma mayi ameneyu anasonkhanitsa asanu, ndipo awiri mwa iwo ndi ana amene anawakwapula yekha akadali ovala makabudula. Tchalitchi chinadzaza, ena anaima panja padzuwa. Ine ndinakhala pakati pa azimayi ovala zitenje za parishi, ndipo sindinalire. Sikuti ndinadziletsa ayi. Misozi sinabwere basi.

Dzina lonselo palibe ankalitchula. Tonse tinkangoti Ba Sikola, ana ndi akulu, ngakhale ansembe amene. Anabwera mu Lusaka kuchokera ku Chadiza ali mtsikana wongokwatiwa kumene, amuna awo atapeza ntchito kunjanji. Amunawo anamwalira msanga, nkuwasiyira ana awiri, Benedikito ndi Dorika, ndi kanyumba ka zipinda ziwiri kufupi ndi msika. Kwa zaka zoposa makumi anayi ndi iwo ankaphunzitsa ana okonzekera sakramenti la kulimbitsa, ndiponso ndi iwo ankasunga mndandanda wa odwala a m'dera lathu amene wansembe ankawayendera Lachinayi lililonse kudzawalapitsa ndi kuwadzoza mafuta oyera. Sanali sisitere, sanali katekisiti wolembedwa, ndipo sindikumbukira kuti alipo anawasankha. Anangoyamba, ndipo panalibe wolimba mtima wowauza kuti aleke.

Anali aafupi, ouma thupi ngati nkhuni ya chilimwe. Nsapato zawo za nsalu zinkakhala zoyera mbee ngakhale pa fumbi la mwezi wa Okutobala. Ankayenda ndi ambulera yakuda imene sindinaionepo itatambasulidwa, kaya kuli mvula kaya dzuwa. Ntchito yake inali kuloza munthu, kugogoda pachitseko, ndi kugunda akakolo a mwana wowodzera m'tchalitchi. Chinyanja chathu cha m'tauni ankadana nacho koopsa. Mwana akati "nifuna" ankamufunsa ngati makoswe anamudya lilime, akati "ba Fada" ankamubwerezetsa mpaka anene kuti Bambo. Koma "ba" wa pa dzina lawo ankamulola, poti umenewo unali ulemu.

Ankakonda kunena kuti Mulungu ndi wachifundo, zoona, koma iwo sanalembedwe ntchito imeneyo. Ankatinso pa mphatso zisanu ndi ziwiri za Mzimu Woyera, zisanu ndi imodzi ndi maluwa a paguwa chabe, yosunga munthu ndi yomalizayo, kuopa Mulungu. Ndipo popeza Mulungu sitimuona, ndi bwino mwana ayambe waopa munthu amene akumuona.

Tinkaphunzira Loweruka masana m'kalasi ya mabenchi othyoka kuseri kwa tchalitchi. Ankati kale Ambuye Episkopi polimbitsa munthu ankamumenya kambama patsaya kuti adziwe kuti Mkhristu amamenyedwa, koma aepiskopi a lero manja awo ndi ofewa, amangokugwira chanza ngati akukupatsa satifiketi. Choncho mbamayo ankaipereka okha dzulo lake la mwambo, tikuyeseza. Tinkafola mzere, aliyense nkugwada, nkutchula dzina la woyera mtima amene wasankha, kenako phaa! Ine ndinafika pamaso pa Ambuye Episkopi khutu likulirabe. Amene anaima kumbuyo kwanga, dzanja lili paphewa langa, anali Ba Sikola omwewo, chifukwa mayi anga anaona kuti kupempha munthu wina kuti akhale mboni yanga kukanakhala kuwanyoza. Zikhadabo zawo ndinazimva mpaka ndinabwerera pampando.

Choipa kuposa mbama chinali kuyeseza kulapa. Ankati mwana asapite kukatayitsa nthawi ya Bambo ndi chibwibwi, ayambe wanena machimo ake kwa iwo kuti amukonzere mawu. Ankakhala pa kampando kuseri kwa chitseko cha kalasi, ife nkumalowa mmodzimmodzi. Ukanena tating'ono, monga kutukwana mlongo wako, ankakubweza kuti ukaganizenso bwino. Choncho tinkakumba, ndipo mwana akakumba amafukula za m'nyumba mwa makolo ake. Mtsikana wina dzina lake Chanda, wa banja lochokera ku Luapula, anaulula kuti anaperekeza amayi ake kwa sing'anga kukatenga mankhwala oti bambo ake asiye mkazi wina wa ku Chelstone. Lamulungu lake, mayi a Chanda ali pamzere wokalandira Ukaristia, ambulera ija inawatsekera njira pachifuwa. Mayiyo anaima, nkuyang'ana uku ndi uku, kenako anatembenuka nkuyenda tchalitchi chonse kubwerera kumbuyo anthu akumupenya. Chanda anabwera Loweruka lotsatira diso litatupa. Mpaka lero, tikakumana m'tauni, amandiuza akuseka kuti chiyambire tsiku limenelo sanaululepo tchimo lenileni kwa munthu aliyense wovala mkanjo.

Akuluakulu nawo sankawasiya. Pa nthawi ya kulapa ankakhala benchi lomaliza, moyang'anana ndi kachipinda kolapiramo, kolona ili m'manja. Anthu ankati sakupemphera, akuyeza nthawi. Wokhalitsa mkatimo anali ndi zazikulu, wotuluka msanga anali wabodza. Azimayi ena ankakwera minibasi kupita kukalapa ku parishi ina kuti asawerengedwe pa mikanda ya Ba Sikola.

Wansembe mmodzi yekha ndi amene anayesa kulimbana nawo, wongodzozedwa kumene, wa mawu ofatsa. Atamva za kuyeseza kulapa analengeza paguwa kuti machimo a mwana ndi a Mulungu ndi wansembe basi, wina aliyense asawamve. Ba Sikola anagwedeza mutu ngati avomera. Lamulungu lotsatira paguwa panalibe maluwa. Nsalu za paguwa sizinachapidwe, azimayi osesa onse anadwala mutu tsiku limodzi, ndipo Lachinayi wansembeyo anazungulira Kabwata yense osadziwa nyumba ya wodwala ndi iti. Patapita milungu itatu tinamuona atakhala pakhonde pa Ba Sikola, akumwa tiyi wopanda shuga, mutu uli pansi. Chaka chisanathe anasamutsidwa. Iwo ankati ansembe ali ngati maminibasi a ku Cairo Road, amabwera nkupita, koma siteshoni siyenda.

Ndikanama ndikati anali oipa pokhapokha. Zaka zija matenda owondetsa ankasesa makomboni, mankhwala asanabwere, pamene abale ankaopa kukhudza mbale ya wodwala, Ba Sikola ankalowa m'nyumba zimene aliyense ankazilambalala. Ankatembenuza anthu a zilonda kumsana, ankawachapira nsalu, ndipo akamwalira ankawasambitsa ndi manja awo opanda magolovesi. Tsiku lina anayenda wapansi pamvula mpaka kunyumba ya ansembe kukakoka wansembe patebulo la chakudya chifukwa chidakwa china cha kumsika chinali kutsirizika chisanalape. Munthu ameneyo anali atawatukwanapo pagulu, koma anafa atadzozedwa, mutu wake uli pamiyendo pawo. Zimenezi ndinaziona ndi maso anga. N'chifukwa chake zinazo sindinazimvetse mpaka lero.

Miyezi yawo yomaliza anaithera ku Woodlands, kunyumba ya mpanda wautali ya mwana wawo Benedikito, amene tsopano ndi bwana pa kampani ina ndipo aliyense amamuti ba Ben. Anapita mokakamizidwa, miyendo itakana. Mkazi wa ba Ben amapemphera tchalitchi cha Pentekosite, ndipo anali ndi timabotolo ta mafuta odalitsidwa ndi abusa ake. Tsiku lina anafuna kuwapaka pamphumi apongozi akewo akugona. Ba Sikola anatsegula diso nkumuuza kuti mafuta okazingira mazira abwerere kukhichini. Mkaziyo atabweretsa gulu lake kudzawapempherera mofuula, iwo anayamba kunena kolona mokweza, liwu limodzimodzi, osapuma, mpaka alendowo anatopa nkutuluka. Wansembe anapita kumeneko katatu konse. Katatu analapa, katatu anadzozedwa mafuta, katatu analandira Ukaristia, ndipo maulendo awiri oyambawo anatsitsimuka nkuyambanso kulamula.

Ndi m'masiku amenewo pamene ba Ben anandiimbira foni kuti amayi awo akundifuna. Ndinakwera minibasi ndikudziwa nkhani yake, chifukwa pakati pa ine ndi iwo panali nkhani imodzi yokha, ndipo tinali tisanaitchulepo kwa zaka pafupifupi makumi atatu.

Dorika anali mnzanga wa ubwana. Tinalimbitsidwa tsiku limodzi, mbama tinalandira motsatizana. Anali wamtali, woseka mokweza, woimba kwaya, wosiyana ndi mayi ake m'zonse. Atayamba ntchito m'sitolo ina ya zovala ku Cairo Road, bambo wina wapabanja anamuona, nkumupezera kanyumba kuseri kwa nyumba yaikulu ku Kabulonga. Anakhala kumeneko zaka zinayi. Ba Sikola anaimirira pamsonkhano wa mphakati, gulu lathu la mabanja oyandikana opemphera pamodzi, nkulengeza kuti iwo ali ndi mwana mmodzi yekha, wamwamuna. Kenako bambo uja anamwalira, abale ake anabwera kudzatseka kanyumba kaja, ndipo tsiku lina m'mawa takisi inatsitsa Dorika pachipata cha amayi ake ndi sutikesi imodzi. Matenda aja anali atamuwondetsa moti ndinamuzindikira ndi mpata wa mano wokha.

Ba Sikola anamulandira. Anamupatsa bedi lawo, iwo nkumagona pamkeka. Ankamuphikira phala, kumusambitsa, kumunyamula kupita naye kuchimbudzi, zonse mwaukhondo ngati ankachitira ena aja. Koma sankamulankhula. Ngakhale liwu limodzi. Supuni inkafika pakamwa, nsalu inkasinthidwa, m'nyumba muli zii. Ine ndinkapita m'mawa uliwonse ndisanatsegule kantemba kanga, kasitolo kakang'ono ka kumsika, kuti mnzanga amveko mawu a munthu.

Dorika ankafuna wansembe. Sanali kufuna china. Ankadziwa kuti akupita, ndipo zimene tinaphunzira m'kalasi ya mabenchi othyoka ija zinali zitamulowa mpaka m'mafupa. Ankaopa moto. Tsiku lina ndili pompo anawagwira chitenje amayi ake.

"Amama, nilembeniko pa pepala yanu. Nifuna chabe kulapa. Napapata, chonde."

Kameneko kanali koyamba kumva Ba Sikola akumuyankha, koma anayankha akuyang'ana ine.

"Tereza, umuuze mnzakoyu kuti tchimo lochitira poyera kulapa kwake n'kwapoyera. Apite ndi miyendo yake ku mphakati Lamulungu, akagwade, akanene zimene anachita, akapepese kwa akazi onse apabanja amene ali pamenepo. Akatero ndimulemba."

"Ba Sikola, muntu uyu sangayende," ndinatero.

"Popita ku Kabulonga anayenda."

Dorika anayesa. Lamulungu masana ndinamuveka diresi, ndinamugwira m'chiuno, tinatuluka. Msonkhano unali nyumba yachisanu kuchokera pawo. Tinafika pachipata, mawondo ake anapinda, nkukhala pansi m'fumbi, akupuma ngati nkhuku yothamangitsidwa. Ba Sikola anatidutsa atanyamula buku la nyimbo. Anaima pang'ono nkunena kuti chipata si mphakati, kenako anapitirira.

Lachitatu ndinapita ndekha kunyumba ya ansembe. Bambo Mfumu wa nthawi imeneyo anali mzungu wokalamba, wogontha khutu limodzi, amene ankakhulupirira Ba Sikola kuposa maso ake. Sindinamupeze. Wophika wawo anandiuza kuti za odwala ndikanene kwa Ba Sikola, ndi amene ali ndi mndandanda. Ndinabwerera kwa Dorika nkumulonjeza kuti mawa, galimoto ya Bambo ikangolowa mumsewu wathu, ndidzatuluka ndekha kukawaitana, zivute zitani. Ndinalumbira nditagwira dzanja lake.

Lachinayi m'mawa anandipempha kuti ndimukonze. Ndinamupukuta kumaso, ndinamupaka mafuta pamilomo yosweka ija, ndinamumanga chitambala chobiriwira kumutu pamene tsitsi linali litathothoka. M'kamwa mwake munali zilonda, mawu ankatuluka ngati mpweya chabe, koma ndinkaona milomo ikuyenda. Anali kusanja machimo ake kuti asachite chibwibwi pamaso pa Bambo.

Cha m'ma teni koloko tinamva galimoto. Inaima tsidya la msewu, pa nyumba ya mkulu wina amene anafa ziwalo. Ba Sikola anali kale kumeneko. Tinadikira. Ndinkamva mtima wa Dorika ukugunda padzanja langa. Patapita nthawi tinamva mawu akuyandikira, ndipo ndinasuzumira pawindo. Bambo anali ataima pachipata chathu penipeni, kachikwama ka mafuta oyera kali m'manja, akupukuta thukuta. Analankhula mokweza monga amachitira ogontha.

"Amayi, ndamva kuti mwana wanu wamkazi anabwerera. Ali bwanji?"

"Bambo, m'nyumba mwanga mulibe wodwala," anatero Ba Sikola. "Tiyeni, kuseri kwa msika akutidikira."

Dorika anandifinya dzanja ndi mphamvu imene sindinkadziwa kuti akadali nayo.

"Teleza, yenda. Yenda manje, pompano."

Ndinanyamuka. Ndinadutsa pabalaza, ndinatsegula chitseko, ndinaima pakhonde. Kuchokera pamenepo kufika pachipata ndi mapazi khumi. Ba Sikola anatembenuka nkundiyang'ana. Sanakweze ambulera. Anangondiyang'ana. Ine ndinali mayi wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, wa mwana kale, wodzidyetsa ndekha. Koma paphewa panga ndinamva ngati pagwidwa. Bambo anandiona nkumwetulira.

"Muli bwanji, Bambo," ndinatero.

Ndi zokhazo zimene ndinanena. Anakweza dzanja nkundidalitsa ine, munthu wabwinobwino, kenako analowa m'galimoto, Ba Sikola nkukhala kutsogolo. Ndinaima pakhondepo mpaka fumbi linatha.

Nditalowa ndinapeza Dorika atatembenukira kukhoma. Sanandifunse kanthu, anali atamva zonse. Ndinayamba kunena kuti ndipitanso madzulo, ndipita mawa, koma anandidula.

"Chosa chitambala. Chinipisa."

Ndinamuvula chitambalacho, poti chinkamutentha. Sanandilankhulenso. Madzulo ndinachita manyazi kupita kunyumba ya ansembe, Lachisanu ndinauzidwa kuti Bambo apita kumsonkhano kunja kwa tauni, ndipo Loweruka dzuwa lili paliwombo Dorika anamwalira. Amayi ake anamusambitsa okha. Misa panalibe. Kumanda mapemphero anatsogolera iwo omwe, aafupi, liwu losanjenjemera, ndipo masana a Loweruka lotsatira anali m'kalasi akufunsa ana mphatso za Mzimu Woyera.

Ku Woodlands ndinawapeza atatsamira mapilo atatu m'chipinda cha matailosi oyera, atachepa ngati mwana, koma maso ali omwe aja. Wantchito anandipatsa mpando nkutuluka. Ndinawapatsa moni. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Zaka zonsezi umandipenya ndi diso la Lachinayi lija," anatero. "M'tchalitchi, pamaliro, pamsika. Ukuganiza sindiona?"

Mumtima ndinati mwina nthawi yafika, mayi ameneyu alira, ndipo ine ndidzamugwira dzanja, tilire tonse.

"Ndakuitana kuti ndikuuze kuti usavutike nane. Ine ndinalapa. Chaka chomwecho, nyengo ya Lenti, ndinakaulula zonse kwa Bambo omwe aja. Anandipatsa makolona atatu. Ndinapemphera onse nditagwada. Anandikhululukira, nkhani inatha. Ndikupita woyera."

"Nanga Dorika?" ndinafunsa. "Anayenda bwanji Dorika?"

"Za Dorika adziwa ndi Mulungu. Ine ndikanamulemba, mtsikana aliyense wa mu Kabwata akanadziwa kuti ukhoza kukadya za mwamuna wa mwini zaka zinayi, nkubwera kudzafa ndi mafuta pamphumi chifukwa mayi ako ndi amene agwira pepala. Ndikanayamba ndi wanga, ndikanakaniza wa yani?"

Anapuma, nkunyambita milomo. Ndinawapatsa madzi, anamwa pang'ono. Kenako anandiloza ndi chala chopindika.

"Koma iwe, Tereza, unalapa? Ine ndinali ndi chifukwa. Cholakwika kapena cholondola, chinali chifukwa. Iwe unali ndi miyendo, unali ndi pakamwa, unalumbira. Ndinakumva ukulumbira, makoma a nyumba ija ndi opyapyala. Sindinakugwire. Sindinakutseke pakamwa. Ukanangoti Bambo lowani, akanalowa, ine ndikanatani? Mapazi khumi. Unali ndi mantha chabe. Tchimo limenelo unakaliulula?"

Yankho ankalidziwa kale. Chaka chilichonse Pasaka asanafike ndimalowa m'kachipinda kaja, ndimanena za mkwiyo, za miseche ya kumsika, za kujomba Misa. Ndimatuluka msanga. Za pakhonde paja sindinazitchulepo.

"Ndinadziwa," anatero, nkutseka maso. "Ndikonzere pilo uyu. Ndipo popita udutsire kwa Bambo, uwauze abwere Lachinayi. Mpongozi wangayu ndikamutuma amaiwala dala."

Ndinawakonzera pilo. Ndinatuluka pachipata chachitsulo chija, ndinakwera minibasi, ndipo njira yonse ndinkadziuza kuti sindipita. Ndinkati nawonso adikire, amve galimoto ikudutsa. Koma nditatsika ndinapezeka ndikugogoda kunyumba ya ansembe. Bambo anapita Lachinayi. Kumeneko kunali kudzozedwa kwawo kwachitatu, ndipo Lolemba m'mawa anamwalira mwakachetechete, kolona ili m'manja, ba Ben ali pambali.

Pa ulaliki wa maliro, mmodzi wa ansembe amene anawaphunzitsa uja anasimba za mbama, tchalitchi chonse nkuseka. Anasimba za mitembo imene anasambitsa, azimayi nkuyamba kusisima. Kenako anakweza mawu nkunena kuti m'zaka zonse zimene mayi ameneyu anagwira mndandanda, m'misewu yake simunafe Mkhristu ndi mmodzi yemwe wopanda mafuta oyera. Anthu anawomba m'manja. Azimayi achikulire amene ndinakhala nawo, amene anali pa mphakati Lamulungu lija, amene anamuona Dorika atakhala m'fumbi pachipata, anagwedeza mitu kuvomereza. Ba Ben ankayang'ana nsapato zawo. Wowerenga mbiri ya malemu anati asiya mwana mmodzi ndi adzukulu atatu. Za mwana amene anatsogola sanatchule. Ine ndinali ndi pakamwa panga pomwepo, ndipo ndinaimba nawo nyimbo yotsatira.

Dzulo ndinadutsa pa kanyumba kawo ka ku Kabwata. Katundu anagawana kale. Chitseko chinali chotsegula chifukwa ba Ben atuma munthu wopaka penti, akuti mwezi wamawa mulowa banja lina lochokera ku Kitwe. Ndinapempha kusuzumira. Zipinda ziwiri zija ndi zazing'ono kuposa mmene ndinkazikumbukira. Pakhoma patsala misomali ndi mabala oyera a makona anayi pamene panali zithunzi za oyera mtima. Simenti ya pansi, imene ankaipaka polishi wofiira Loweruka lililonse, yadyeka malo awiri oyandikana pafupi ndi pamene panali bedi, timaenje tosalala tolingana ndi mawondo. Wopentayo anaikapo chitini chake. Anali atatsegula wailesi pa foni, akuimba nawo nyimbo ya Chibemba, ndipo anandifunsa ngati ndikufuna nyumba ya lendi.

Potuluka ndinakumana ndi mayi wina wogulitsa tomato kumsika, munthu wa zidzukulu kale, akubwera chakumsewu akuseka pa foni. Atafika moyang'anana ndi chipatacho anatsitsa mawu, nakokera diresi lake pansi pa mawondo, nkudutsa mofulumira. Pakhonde panalibe munthu.